Nsonga za mlatho wa Penrose zikakana kukumana mu Unity

Wowerenga wina watumiza imelo. Akuti wamanga mlatho wa makona atatu a Penrose, chithunzi chonyenga maso chooneka ngati ndodo zitatu zolumikizana, mu Unity, pulogalamu yopangira magemu, potengera gemu ya Monument Valley imene ustwo games inatulutsa mu 2014, koma nsonga ziwiri za mlatho sizikukumana, ndipo kamunthu kake kakawoloka kakumachepa mwadzidzidzi. Akufunsa kuti walakwitsa pati.

Akulu, yambani mwaona kamera. Chinthu cha makona atatu chimenechi, chomwe Lionel ndi Roger Penrose anachifotokoza mu 1958, sichingamangike ndi manja. Chomwe mumamanga ndi ndodo zitatu zimene nsonga zake ziwiri sizikumana, nsonga ina kufupi ndi kamera, inayo kutali, ndipo diso ndi limene limazimata. Kamera ya Perspective imachepetsa chilichonse chakutali, n’chifukwa chake kamunthu kanu kakusintha msinkhu. Isintheni ikhale Orthographic.

Kenako madigiri. Pa Rotation ya kamera lembani X 35.264, Y 45, Z 0. Ambiri amaika 30 pa X poti amaoneka bwino, koma pamenepo mabokosi omangira mlatho sagwerana ngakhale mutawakankha usiku wonse. Ndi 35.264, kamera imayang’ana molunjika pa mzere wa 1, -1, 1. Choncho bokosi la pa 0, 0, 0 ndi la pa 4, -4, 4 amaoneka pamalo amodzimodzi pa sikirini. Kamunthu kakafika kumapeto, kasamutseni ndi manambala omwewo mu frame imodzi (chithunzi chimodzi cha pa sikirini), wosewera sazindikira kanthu.

NavMesh, chida cha Unity chopezera kamunthu njira, musavutike nayo, imadziwa mtunda weniweni ndipo ikana. Ikani kadontho pamwamba pa bokosi lililonse, muwerenge malo ake ndi Camera.WorldToScreenPoint, ndipo mulumikize timadontho timene tagundizana pa sikirini. Ngati mlathowo umazungulira, werengani ukaima pa madigiri 90 enieni, osati uli pakati pa ulendo, apo ayi kamunthu kayenda m’malere.

Chimene chimaulula chinsinsi kawirikawiri ndi mthunzi. Nyali ya mu gemu imaponya mthunzi pomwe bokosi lili zenizeni. Zimitsani mithunzi ndi fog (nkhungu), ndipo mupake mbali zitatu zooneka za bokosi mitundu itatu yosasintha: yowala pamwamba, yapakatikati kumanzere, yoderapo kumanja.

Mudzaonanso kamunthu kakubisika theka kuseri kwa nsonga yakufupi. Pamenepo kasamutseni msanga, kasanaponde polumikizira, kakhale kale kumbali ya kamera.