Kodi mbiya amasema kapena amaumba?

Mayi wina wa ku Ntcheu watifunsa kuti: "Mwana wanga analemba kuti 'agogo anasema mbiya' ndipo aphunzitsi anamuthetha. Kodi kusema si kupanga chinthu ndi manja? Nanga mawuwa anachokera kuti?"

Mayi, aphunzitsiwo sanalakwe. Mbiya amaumba. Woumba amatenga dothi n'kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka mbiya itakwera, pamene wosema amayamba ndi chinthu chachikulu cholimba n'kumachotsako. Mukaona zipalapala za mtengo zili mbwee pansi, dziwani kuti pamenepo pakusemedwa kanthu. Choncho timasema mtondo, munsi, mpini, mthiko, chipande, ng'oma, bwato ndi ziboliboli. Mwala nawonso amasema, monga mphero ikaterera n'kuleka kupera bwino.

Chida chenicheni cha ntchitoyi chinatenga dzina ku mneni yemweyu: kasemasema. Kubwereza tsinde kumeneko kukusonyeza mmene dzanja limagwirira, kugogoda pang'ono koma kambirimbiri. Ena amati sompho. Nkhwangwa ntchito yake n'kugwetsa mtengo, ndipo apo timati kudula kapena kutema. Kusema kumayamba mtengo uli kale pansi.

Pamene anthu amasokonezeka kwambiri ndi pa aneni oyandikana nawo. Taganizirani mmisiri wa mtondo. Kunja konse, chiuno ndi tsinde lokhalira, akusema. Akafika pokumba m'kati mothira chimanga, akugoba. Akafuna kukongoletsa ndi timizere m'mbali, akuzokota. Mtondo ndi umodzi koma aneni atatu, ndipo mmisiri sangawasakanize. Wa matabwa amapala, wa zitsulo amasula, ndipo pensulo timasongola chifukwa chomwe tikufuna ndi nsonga basi. Ndimamva ana ena akuti "ndisemere pensulo". Amamveka ndithu, koma ine polemba sindingalole.

Za chiyambi chake, mawuwa sanabwere ndi azungu kapena amalonda a ziboliboli. Ndi akale ngati mpini wa khasu, ndipo makolo ankawagwiritsanso ntchito pa thupi la munthu: kusema mano kunali kuwasongola kuti akongole. Omasulira Buku Lopatulika la 1922 anawapeza alipo kale, n'chifukwa chake pa Eksodo 20:4 timawerenga za "fano losema". Chochititsa chidwi n'chakuti anansi athu ambiri ali ndi tsinde lina pa ntchito yomweyi: Ashona amati kuveza, Abemba ukubasa, Azulu ukubaza. Tsono amene muli paulendo samalani. M'Chiswahili kusema ndi kulankhula, ndipo kwa Ashona kusema ndi kunyansidwa ndi chinthu. Mukauza mnzanu wa ku Harare kuti bambo anu amasema, angadabwe kuti akunyansidwa ndi chiyani.

Mneniyu amalandira aphatikiri, timawu tolumikiza ku tsinde lake, mosavuta. Mfumu imasemetsa mpando, mwana amasemera amake mthiko, bwato limasemedwa, ndipo mtengo wofewa umasemeka msanga pamene phingo amatopetsa mkono. Amene munafikako ku Mua m'boma la Dedza, ku malo a KuNgoni omwe Bambo Claude Boucher anakhazikitsa mu 1976, munaona amisiri osema akugwira ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku.

Koma pamene mawuwa amakoma zedi ndi m'chining'a chakuti kusemera munthu chinyau. Chigoba cha gule amasemera kobisika, kutali ndi maso a anthu osalowa, ndipo chikatuluka chimabisa nkhope ya wochivala. Ndiye munthu akadandaula kuti "anzanga akuntchito andisemera chinyau", akutanthauza kuti anakhala pansi mseri n'kumukonzera chiwembu kapena mlandu wabodza, kumuveka nkhope yomwe si yake. Onani kuti sitinena kuti amuumbira chinyau.

Mwana wanuyo alembe kuti "agogo anaumba mbiya". Ngati akufunitsitsa mneni wakeyo, asinthe chinthucho: "agogo anasema chipande".