Msonkho wa boti logula kwa munthu wamba ku Michigan

Achimwene, ndawerenga funso lanu kawiri. Mukuti mumakhala ku Niles m'boma la Michigan, mwapeza boti lakale la injini lotalika mafiti 21 pa Facebook Marketplace, mwini wake ali ku Elkhart m'boma la Indiana ndipo akufuna madola 9,000 pamodzi ndi ngolo yake yokokera. Mukutinso wakuuzani kuti palibe msonkho chifukwa iye si wamalonda, ndipo kuti ngati mukuda nkhawa akhoza kulemba madola 3,000 pa kalata yogulitsirana. Yankho langa ndi lakuti msonkho ulipo, adzalipire ndinu, ndipo zolemba mtengo wabodzazo muzikane ngakhale akunena mokoma mtima.

Wogulitsayo wanena zoona pa mbali imodzi yokha, yakuti iye satolera msonkho. Msonkho umene timalipira m'sitolo, wotchedwa sales tax, amatolera ndi anthu amene ali ndi chiphaso cha malonda, ndipo munthu amene akungogulitsa boti lake pakhomo alibe udindo umenewo. Koma boma la Michigan lili ndi msonkho wina wotchedwa use tax, umene lamulo lake linakhazikitsidwa mu 1937, ndipo ntchito yake ndi kutseka mpata womwewu. Umagwera wogula amene adzasunge kapena kugwiritsa ntchito katunduyo mu Michigan, ndipo mlingo wake ndi wofanana ndi wa m'sitolo, 6 peresenti, kuyambira mu 1994. Pa zinthu zing'onozing'ono monga mpando wogula kwa mnansi palibe amene amakufunsani, koma galimoto, boti ndi ngolo zimayenera kulembetsedwa, ndiye boma limakudikirani pa khomo lolembetserapo. Tsiku limene mudzapite ku ofesi ya Secretary of State kukasintha umwini ndi kutenga nambala yolembetsera boti, imene imayamba ndi zilembo MC, adzawerengera msonkhowo pomwepo, ndipo simudzatuluka ndi mapepala musanalipire. Pa madola 9,000 konzani madola 540, kuwonjezera pa ndalama za title (chikalata cha umwini) ndi zolembetsera.

Kuti botilo likuchokera ku Indiana sikusintha kanthu. Chimene amayang'ana ndi kumene botilo lidzakhale ndi kulembetsedwa, osati kumene munapatsirana ndalama. Pamenepa muli ndi mwayi pang'ono, chifukwa ku Indiana msonkho ndi 7 peresenti, ndipo mnzanu wa ku South Bend, ku Indiana komweko, atagula boti lomwelo angalipire madola 630. Pali anthu amene amalangiza kuti mukalembetse boti ku Delaware kapena ku Montana poti kumeneko kulibe sales tax. Malangizo amenewo sangakuthandizeni inu amene botilo lidzagona pabwalo panu ku Niles ndi kuyandama mu mtsinje wa St. Joseph chilimwe chonse, pakuti ngongole ya use tax imabadwa chifukwa chogwiritsa ntchito botilo mu Michigan.

Tsopano ndifike pa nkhani ya madola 3,000, imene ndi yomwe yandichititsa kulemba zambiri chonchi. Lamulo la Michigan silinena kuti msonkho uwerengedwe pa mtengo wolembedwa pa kalata basi. Limati uwerengedwe pa mtengo umene mwagulira kapena pa mtengo weniweni wa katunduyo pamsika panthawi yosinthana, potengera umene uli waukulu. Kalaliki wa pa kauntala akhoza kulandira pepala lanu osafunsa zambiri, koma nkhani sithera pamenepo, chifukwa nthambi ya zachuma ya boma, Department of Treasury, imaunikanso malonda oterewa pambuyo pake, ndipo ikaona boti la mafiti 21 logulidwa pa mtengo wosamveka imalemba kalata yofuna umboni. Mukalephera kupereka umboni mumalipira msonkho wotsalawo, chiwongoladzanja ndi chindapusa, ndipo akapeza kuti munanama dala chindapusacho chikhoza kufanana ndi msonkho wonse umene munazemba. Mwawerengera kuti mungapulumutse zingati? Msonkho wa madola 3,000 ndi 180, kutanthauza kuti mukuika dzina lanu pa chikalata chabodza cha boma chifukwa cha madola 360 okha. Ambiri a ife tili ndi mapepala okhalira m'dziko muno amene akuyembekezera kuunikidwa, ndipo sindikuona nzeru yoika siginecha pa bodza lililonse, ngakhale looneka laling'ono.

Palinso vuto lina limene anthu saliganizira. Kalata yogulitsirana ndiyo umboni wanu wokhawo wa ndalama zimene mwatulutsa. Injini ikapezeka kuti inali yong'ambika mkati chifukwa cha madzi oundana m'nyengo yozizira, zomwe zimachitika kawirikawiri kuno boti likasungidwa osakhetsa madzi, ndipo mukafuna kukasuma kukhoti la milandu ing'onoing'ono, woweruza adzawerenga madola 3,000 amene munasainira nokha. A inshulansi nawonso akhoza kufunsa pepala lomwelo boti likabedwa kapena likamira. Wogulitsayo sataya kanthu pa bodzali, wotaya ndinu.

Ngati mtengo ndi wotsikadi pa chifukwa chenicheni, monga injini yakufa kapena pansi powola, palibe choopa. Lembani vutolo m'kalata yogulitsirana, jambulani zithunzi tsiku logula, sungani chithunzi cha malonda a pa Facebook asanawafufute, ndipo lipirani kudzera ku banki kapena ndi cheke cha banki kuti pakhale mapazi a ndalama.

Pali wina amene wakulangizani kuti mungonena kuti wogulitsayo ndi m'bale wanu. N'zoona kuti Michigan salipiritsa msonkhowu katundu akamachoka kwa wachibale wapafupi, monga mkazi kapena mwamuna wanu, kholo, mwana, mchimwene, mchemwali, agogo kapena mdzukulu. Koma ubale wa m'lamulo ndi wopapatiza kusiyana ndi wathu. Kwathu mwana wa bambo aang'ono ndi mchimwene, ndipo amalume ndi kholo lenileni, pamene kuno msuweni, amalume, azakhali ndi mwana wa mchemwali wanu sawerengedwa konse, ndipo akhoza kukufunsani zikalata zobadwira kapena za ukwati zotsimikizira ubalewo. Ngakhale mphatso yochokera kwa munthu amene si wachibale wotere imalipiridwa msonkho potengera mtengo wa pamsika.

Musanapereke ndalama, onani title ndi maso anu. Imeneyi ili ngati bulubuku ya galimoto kwathu, ndipo ku Michigan boti la mafiti 20 kapena kuposerapo, ngakhalenso lalifupi lokhala ndi injini yomangiriridwa mkati, liyenera kukhala nayo. Dzina lolembedwapo lifanane ndi la pa chiphaso cha amene akukugulitsaniyo, ndipo ngati pali dzina la banki, pakhale kalata yosonyeza kuti ngongole inatha. Nambala ya botilo, ya zilembo ndi manambala 12, imene maboti opangidwa kuyambira mu 1972 amakhala nayo kumbuyo cha kudzanja lamanja, ifanane ndi ya pa pepala chilembo ndi chilembo. Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira. Ndinagula boti laling'ono kwa bambo wina amene analonjeza kuti atumiza title sabata yotsatira, ndipo chilimwe chinatha botilo lili pa ngolo kuseri kwa nyumba, ana akundifunsa tsiku lililonse kuti tipita liti kunyanja.

Ngoloyo ndi katundu payekha, ili ndi nambala yake ndipo imafuna nambalapuleti yake. Ndi bwino kuti kalata yogulitsirana ionetse mtengo wa boti padera ndi wa ngolo padera, zonse pamodzi zikwane madola 9,000, chifukwa ku ofesi adzazilemba mosiyana ngakhale msonkho wake ndi 6 peresenti womwewo. Ngolo yolemera mapaundi 2,500 kapena kuposerapo imafunanso title yakeyake, choncho mufunseni wogulitsayo pepala losonyeza kulemera kwake.

Lamulo limakupatsani masiku 15 kuchokera tsiku logula kuti musinthe umwini, ndiye sungitsani nthawi ku ofesi ya Secretary of State pa intaneti musanapite n'komwe ku Elkhart. Mutenge title yosainidwa, kalata yogulitsirana yokhala ndi tsiku, mtengo ndi masiginecha a nonse awiri, chiphaso chanu, ndi ndalama zopitirira pang'ono madola 540 aja. Kulembetsa kwa boti kumakhala kwa zaka 3 ndipo kumatha pa 31 March, koma use tax mumalipira kamodzi kokha, pa tsiku losintha umwinilo.