Mwana wanga wapenga ndi graffiti, nditani?

FUNSO: Akulu, mwana wanga wa fomu 3 anaonera filimu ya Style Wars pa foni ndiye basi kungokamba za graffiti, zojambula maina ndi zithunzi pa makoma zija, mpaka akundipempha ndalama ya penti wopopera. Kodi zimenezi ndi luso kapena kungoononga makoma a anthu? Mayi wa ku Ndirande.

YANKHO: Mayi, musade nkhawa kwambiri, filimu imeneyo ndi yabwino. Inatuluka mu 1983, anaikonza Tony Silver ndi Henry Chalfant, ndipo imaonetsa anyamata a ku New York omwe ankazemba usiku kukajambula maina awo pa sitima zapansi kuti kukacha dzina liyende mzinda wonse, ena mwa iwo anatengera mnyamata wina wodzitcha TAKI 183, amene ankalemba dzina lake paliponse mumzindamo ndipo nyuzipepala ya The New York Times inalemba za iye mu 1971. Muli mnyamata wina, Kase 2, wa dzanja limodzi koma zilembo zake mumachita kugwira pakamwa. Mulinso mayi ake a Skeme, mnyamata winanso wojambula, akudandaula ngati mmene mukudandaulira inumu, ine pamenepo mpomwe pamandikhudza.

Komatu mumuuze zoona, ambiri ankagwidwa ndi apolisi, meya wa mzindawo Ed Koch anaika mipanda ya waya ndi agalu pamalo oimikapo sitima, pofika 1989 sitima yojambulidwa sinkaloledwanso kuyenda.

Ndiye musamuletse, koma khoma la mwini ayi. Ayambe mu kope ndi makala kapena cholembera cha maka (marker), akakhwima akapemphe eni ake a barbershop kapena okala amupatse khoma, ena amalipira ndithu. Popopera azitseka mphuno, penti ameneyu amapweteka mchifuwa.