Chipilala cha ku Lunzu: yambani ndi mayina, simenti ibwera pambuyo

Mayi wina wa ku Lunzu wandilembera imelo sabata ino. Akuti agogo a bambo awo adatengedwa kukanyamula katundu pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndipo sadabwerenso, manda awo sadziwika. Tsono iwo ndi anzawo akufuna kumanga chipilala pa tauni yawoyo chokumbukira anthu a m'deralo amene adatsala kunkhondo. Akufunsa kuti ayambire pati, nanga mayina akawapeza kuti.

Mayi, zikomo polemba. Ndikuyankhani mosapita m'mbali: musathamangire kwa mmisiri. Njerwa ndi simenti mudzazipeza tsiku lililonse pa msika wa Lunzu pomwepo. Chimene chikutha ndi anthu okumbukira mayina, ndipo ntchito yanu yaikulu ili pamenepo.

Chifukwa chake nachi. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ankaitcha nkhondo ya chiwaya, dziko la Nyasaland lidapereka asilikali pafupifupi 19,000 ku gulu la King's African Rifles (KAR). Koma onyamula katundu, atengatenga, adali pafupifupi 200,000, m'dziko la anthu ongopitirira 1 miliyoni. Misewu ya galimoto kunalibe kumene kunkamenyedwa nkhondoko, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, choncho chakudya ndi zipolopolo zinkayenda pamutu pa munthu. Aliyense ankasenza katundu wolemera ngati theka la thumba la chimanga la makilogalamu 50, kukwera naye mapiri a kumpoto kwa nyanja kulowa m'dziko la Ajeremani, kumene lero ndi Tanzania. Ambiri sadafe ndi chipolopolo ayi. Adafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala, kenaka chimfine choopsa cha 1918 chidadzamaliza ena ali pa ulendo wobwerera. Ndipo si onse adapita mofuna. Mafumu ankalamulidwa kupereka amuna, ena n'kumagwidwa usiku m'nyumba.

Msilikali adali ndi nambala, choncho adalembedwa m'kaundula. Wonyamula katundu kawirikawiri ankangowerengedwa. Ichi si chinenezo changa chabe: mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, losamalira manda ndi zipilala za ofera kunkhondo, lidavomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo Aafirika, sadakumbukiridwe ndi mayina awo, ndipo boma la Britain lidapepesa ku nyumba ya malamulo ya kwawo. Ndiye mukapita ku Zomba kukaona chipilala cha njerwa zofiira cha KAR chija, pafupi ndi Cobbe Barracks, pitani ndithu, werengani mayina onse, koma musakhumudwe mukapanda kuwapeza agogo anuwo.

Poyambira penipeni ndi pakhonde la nyakwawa. Pemphani a mfumu aitanitse mbumba iliyonse, makamaka azimayi achikulire, pakuti kuno kummwera mbiri ya mtundu imasungidwa kuchikazi. Funso lisakhale lakuti "ndani adafa ku nkhondo?" chifukwa ambiri sadauzidwe n'komwe kuti m'bale wawo adafa. Funsani kuti, "ndani adapita ku tengatenga kapena ku usilikali osabwerako?" Lembani dzina, mfunda, mudzi ndi mfumu ya nthawi imeneyo, komanso amene wakuuzaniyo. Jambulani mawu pa foni. Dzina likatuluka m'makomo awiri osiyana, limenelo ndi lolimba.

Apempheninso atsegule masutikesi akale. M'makomo ena mudakali mamendulo, okulungidwa m'kansalu pamodzi ndi makadi a ubatizo. Mukaipeza mendulo ya nkhondo yoyamba, musangoyang'ana nkhope ya mfumu ya ku Mangalande ili pamwambayo. Itembenuzeni cham'mbali, pukutani m'mphepete mwake ndi kansalu konyowa, muona tizilembo ting'onoting'ono: nambala, udindo, dzina ndi gulu la mwini wake. Nambala imeneyo ndiyo mukaionetse posakasaka. Mamendulo a nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, imene anyamata athu adakafika nayo ku Abyssinia (lero ndi Ethiopia), Madagascar ndi Burma, ambiri alibe dzina, koma mabanja ena adasunga kabuku ka malipiro kapena kalata yopumira usilikali.

Mukatero ndiye mupite kumapepala. Muno mu Blantyre muli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, nyumba ya 1882 ija. Ku Zomba kuli National Archives. Tsamba la pa intaneti la Commonwealth War Graves Commission limalola kusaka dzina kwaulere. Chenjezo limodzi: alembi achizungu ankalemba momwe khutu lawo lamvera, ndipo nthawi zambiri dzina limodzi lokha. Yesani kalembedwe kangapo, R m'malo mwa L, Ch m'malo mwa Tch. Ma kaundula a mipingo nawo amathandiza kutsimikiza kuti munthuyo adalikodi m'mudzimo.

Pali nkhani ina imene idzagawanitsa komiti yanu, bwino muikambirane msanga: alembedwe ndani? Ena adzati asilikali okha. Ine ndikukana. Pa chipilala cha pa tauni ngati Lunzu, wonyamula katundu alembedwe mzere umodzi ndi sajeni, motsata zilembo, popanda wina kukhala pamwamba. John Chilembwe, m'kalata yake ya mu November 1914, patangopita miyezi iwiri chimenyedwere nkhondo ya ku Karonga, adadandaula kuti amphawi akufera nkhondo yosakhala yawo n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Kumanga chipilala lero n'kuwasiyanso amphawi omwewo kunja kungakhale kuchita zomwe adachita atsamunda. Ndipo musaiwale a posachedwa: asilikali amene ankalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndi amene aphedwa ku Congo pa ntchito yosungitsa mtendere, monga asanu ndi mmodzi aja a mu November 2018. Ngati wina mwa iwo adali wa kwanuko, banja lake lifunsidwe kaye lisanaone dzina pamwala.

Za kamangidwe sindichulukitsa. Malo muwapemphe kwa mfumu ndi kukhonsolo ya boma la Blantyre, chilolezo chikhale cholembedwa. Musamange mogundana ndi msewu wa M1, tsiku lina adzaukuza. Nsanja yaitali siyofunika. Khoma lofika pachifuwa likwana, loti mwana wa sukulu awerenge osakwera pamwala. Mayina agobedwe pa mwala ngati wa ziliza, osati kulembedwa ndi penti, osatinso pa chitsulo, poti ogula zitsulo zakutha tikuwadziwa tonse. Andale akabwera ndi thandizo, landirani simentiyo, koma dzina lawo lisakwere pakhomapo.

Siyani malo opanda kanthu m'munsi, chifukwa chipilala chikangoima, mabanja ena amene adakhala chete adzabwera ndi mayina awo. Tsiku lotsegulira lingakhale Lamulungu loyandikana ndi 11 November, pamene dziko limakumbukira omenya nkhondo, koma nthawi imeneyo mvula imakhala itayamba kuopseza ndipo anthu ali kumunda, choncho mwambowo muuchite m'mawa. Mukasonkhanitsa mayina oyamba, nditumizireni, tiwaike pano kuti abale awo ali ku Ndirande, Bangwe ngakhale ku Johannesburg athandize kukonza kalembedwe mmisiri asanayambe kugoba.