Kwa achimwene ofunsa za mapiritsi a dazi

Achimwene amene mwafunsa mobisa dzina, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi zaka 29, tsitsi layamba kuthawa m'makona ndi paliwombo, ukwati watsala miyezi inayi, ndipo mnzanu wakuuzani za finasteride koma wina wakuopsezani kuti mapiritsiwo amagwetsa munthu m'papaya. Ambiri akuyankhani ndi nthabwala yoti dazi ndi chuma. Nanenso ndaseka, koma likanakhala chuma bwenzi ndili ndi nyumba yanga ku Chimaliro, osati kumakangana ndi alandilodi ku Chibavi kuno. Ine si dokotala. Ndine munthu amene ndinamwa mapiritsiwa zaka zitatu, ndinapakanso minoxidil, mankhwala ena a dazi opaka m'mutu, kenako zonse ndinazisiya. Ndiye mundimvere pang'ono.

Muyambe mwatsimikiza kuti lanulo ndi dazi ndithu. Dazi lakumtundu limabwera mwaulemu: tsitsi limayamba kupyapyala m'makona ndi pamwamba, pomwe m'mbali ndi kunkhongo limakhala lili gwa. Koma ngati lasosoka malo ozungulira ngati ndalama yachitsulo, kapena pakuyabwa ndi kufundula, kapena lathothoka mwa apa ndi apo ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, imeneyo ndi nkhani ina. Chikhoza kukhala chipere, ikhoza kukhala nthenda ija chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi tsitsi lake lomwe, ndipo ngakhale chindoko chimathothola tsitsi. Timatuza tija timatuluka kunkhongo munthu akamameta kwambiri ndi mashini natonso ndi vuto lina. Zonsezi finasteride sazidziwa. Wometa wanu angathe kukhala woyamba kuona, koma wokuuzani chenicheni ndi wachipatala. Pitani ku Mzuzu Central kapena kukiliniki imene mumaikhulupirira akakuoneni mutuwo ndi maso.

Likakhala dazi lenileni, wolakwa ndi homoni yotchedwa DHT, imene thupi limapanga kuchokera ku testosterone, homoni ya chimuna. Kwa ife amene tinatengera kwa makolo, DHT imafinya mizu ya tsitsi pang'onopang'ono mpaka tsitsi limatuluka lopyapyala ngati la khanda, kenako osatulukanso. Finasteride amatseka njira yopangira DHT, ndipo m'magazi imatsika ndi magawo pafupifupi 70 pa 100. Mankhwalawa sanapangidwire tsitsi poyamba. Kampani ya Merck inawatulutsa mu 1992 ndi dzina loti Proscar, a 5 mg, othandiza abambo otupa prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Mu 1997 ndi pamene ku America anavomereza a 1 mg, Propecia, kuti akhale a dazi. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti mukumwa mankhwala okhudza mahomoni a chimuna, osati mavitamini.

Tsopano ku nkhani imene yakusowetsani tulo. Pa kafukufuku amene anachitika mankhwalawa asanavomerezedwe, amuna pafupifupi 4 mwa 100 aliwonse omwa finasteride anadandaula za kuchipinda: chilakolako kuchepa, mphamvu kufooka, kapena umuna kuchepa. Mwa amene anapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala, odandaula anali pafupifupi 2 mwa 100. Choncho vutolo lilipo, si bodza la pamalo omwera mowa, koma ambiri siliwagwera. Ndipo ambiri mwa amene linawagwera linatha atasiya, ena linatha akumwabe.

Ine ndinali mmodzi wa ochepawo, kapena ndimaganiza choncho. Mwezi wachiwiri ndinaona kuti mtima wofuna kucheza ndi mayi akunyumba wazirala. Sikuti galimoto inakana kulira ayi, koma dalaivala analibe chidwi ndi ulendo. Ndiye poti ndinali nditawerenga zoopsa zambiri pa intaneti usiku uliwonse, ndinayamba kudziyesa ngati mwana wasukulu woyembekeza mayeso, ndipo aliyense wokwatira akudziwa kuti ukalowa m'chipinda ndi mantha zinthu siziyenda. Ku Italy mu 2007 anayesa zimenezi pa abambo a vuto la prostate omwa finasteride wa 5 mg: amene anauzidwiratu kuti mankhwala angawafoole, oposa 40 pa 100 anadandaula, pomwe amene sanauzidwe anali pafupifupi 15 pa 100. Mankhwala omwewo, kusiyana makutu okha. Kwa ine zinabwerera m'malo patatha milungu ingapo ndikumwabe. Cholakwa changa chachikulu chinali choti akazi anga sindinawauze. Iwo anaona mwamuna wasintha, akugona moyang'ana kukhoma, foni ili m'manja mpaka pakati pa usiku. Mukuganiza kuti anaganiza za tsitsi? Nkhaniyo inatsala pang'ono kufika kwa ankhoswe. Tsiku limene ndinatulutsa kabotolo m'chikwama cha laputopu anaseka mpaka misozi, kenako anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa chokwiyira.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse ndi mantha chabe. Alipo amuna amene amati vutoli linapitirira ngakhale atasiya kumwa, moti mu 2012 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linalamula kuti chenjezo limeneli lilembedwe pa kapepala ka m'bokosi. Ndi ochepa, koma amene zamugwera sizimuthandiza kumva kuti ndi ochepa. China chimene anyamata sachitchula ndi maganizo. Ku Britain mu 2024 analamula kuti m'bokosi muziikidwa kakhadi kochenjeza za kukhumudwa ndi maganizo ofuna kudzipha, ndipo mu 2025 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linatsimikiza kuti maganizo oterewa ali m'gulu la zovuta za finasteride. Ife amuna a kuno timangoti ndatopa, kapena ndi nkhani ya ndalama, osalankhula. Ngati munadwalapo matenda a maganizo, muwauze adokotala musanayambe. Ndipo mukayamba n'kuona kuti mtima walemera popanda chifukwa, zinthu zimene mumakonda sizikukomanso, siyani tsiku lomwelo mupite kuchipatala. Chimodzimodzi mukamva mawere akuwawa, akutupa, kapena muli kachotupa.

Poti mukulowa m'banja, mvetsetsani ichi. Mayi woyembekezera, kapena amene angakhale woyembekezera, asagwire piritsi losweka kapena lophwanyika, chifukwa mankhwalawa angasokoneze kapangidwe ka maliseche a mwana wamwamuna m'mimba. Piritsi lathunthu lili ndi chikutiro, silivuta. Vuto ndi loti kuno a 1 mg amasowa, ndiye ambiri timagula a 5 mg n'kumawadula panayi kuti atsike mtengo. Ine ndinkadulira pa mbale ndi lezala, timafumbi tili mbwee, mbale yomweyo n'kukatsukidwa ndi munthu wina. Pano ndikakumbukira thupi limachita tsemwe. Komanso kwa amuna ena finasteride amachepetsa mbewu mu umuna. Nthawi zambiri zimabwerera ukasiya, koma inu mukudziwa mmene azakhali amawerengera miyezi ukwati ukangotha. Ngati mukufuna mwana chaka choyamba, kambiranani ndi adokotala komanso ndi mkazi wanu wam'tsogoloyo.

Za minoxidil ndinene mwachidule, poti mwina mnzanu uja wakuuzaninso. Awa anayamba ngati mapiritsi a BP, madokotala n'kuona kuti odwala akumera tsitsi, ndipo mu 1988 anatulutsa opaka. Amuna amapaka a 5%, m'mawa ndi madzulo, pakhungu osati patsitsi, mutu uli wouma. Sakhudza mahomoni, ndiye za m'papaya palibe. Mavuto ake ndi ena. Amayabwa, ena amafundula khungu. Milungu yoyambirira tsitsi limathothoka kuposa kale, lakale kupereka malo kwa latsopano, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya botolo. Amafuna nthawi kuti aume, ndipo ndi nyengo ya Mzuzu ino, mvula yowaza ya m'mawa uli pa kabaza, kapena chipewa cha m'mwezi wa Juni, theka la mankhwala limathera m'nsalu. Ukagona asanaume amapakika pa pilo, pilo n'kupaka kumaso kwako ndi kwa mnzako, ndipo tsitsi limamera pomwe mankhwala afika, silifunsa kuti nkhope ndi ya ndani. Sambani m'manja mukapaka, makamaka ngati munyamula mwana. Ngati muli ndi mphaka samalani, kadontho kochepa kangathe kumupha. Ndipo mukamva mtima ukugunda mothamanga, chizungulire, kapena mapazi kutupa, lekani. Masiku ano kwabwera fasho yomwa minoxidil wa mapiritsi. Amenewo ndi mankhwala a BP, musawayerekeze popanda dokotala.

Koma chimene chinandigonjetsa ine si za kuchipinda kapena kuyabwa. Ndi ichi: mankhwala a dazi ndi lendi, si kugula nyumba. Tsitsi limakhala pamutu pokhapokha ukulipira. Ukasiya minoxidil, pakatha miyezi itatu kapena inayi limene linamera limapita. Ukasiya finasteride, chisanathe chaka umabwerera pomwe ukanakhala ukanapanda kuyamba. Inu muli ndi zaka 29. Funso loti mudzifunse ndi lakuti: kodi ndidzakhala ndikuwapeza ndi kuwagula mwezi ndi mwezi kwa zaka khumi, makumi awiri? Mankhwalawa amachokera kunja, ndipo nkhani ya forex mukuidziwa. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023, mtengo unakwera ngati wa china chilichonse chodutsa pa boda, ndipo nthawi zina umazungulira ma pharmacy a m'tauni osawapeza, mpaka kutuma munthu wochokera ku Lilongwe kapena ku Joni. Ndinakhalapo miyezi iwiri opanda, kenako n'kuyambiranso, kenako n'kusowanso. Kumwa modukizadukiza choncho ndi kutaya ndalama. Tsiku lina ndinaika pa sikelo fizi ya mwana ndi tsitsi la paliwombo, sikelo sinachedwe kuyankha.

Kusowako ndi kumene kumakankhira anthu kwa ogulitsa pa WhatsApp ndi pa Facebook. Nanenso ndinagulapo botolo lina kwa mnyamata wina amene ankati ndi la ku America. Linali lonunkhira ngati spiriti wa m'babashopu, ndipo mutu unatuluka zilonda. Sindidzadziwa chimene munali m'menemo. Gulani ku pharmacy yovomerezeka ndi PMRA, bungwe loona za mankhwala m'dziko muno, muone tsiku lothera ntchito, ndipo finasteride akhale wolemberedwa ndi dokotala. Za mafuta a nsatsi, anyezi, ndi timabotolo ta zitsamba ta m'basi, pakani ngati mukufuna kufewetsa khungu, koma DHT saopa anyezi. Ndipo chonde musaphatikize finasteride ndi gondolosi kapena timapiritsi ta mphamvu ta pamsika poti mukuopa kufooka. Mukatero simudzadziwa chimene chikukuchitani chiyani.

Ziwiri zing'onozing'ono zoti musunge. Finasteride amatsitsa PSA, chija amayeza m'magazi pofufuza khansa ya prostate, pafupifupi ndi theka. Panopa mukadali wamng'ono, koma mukadzafika zaka zoyezetsa muzidzanena kuti mumamwa, apo ayi zotsatira zidzaoneka zabwino pomwe sizili bwino. Ndipo ngati mumapereka magazi a MBTS, bungwe lotolera magazi lija, akabwera kutchalitchi kapena kuntchito, auzeni, chifukwa womwa mankhwalawa amayenera kudikira mwezi wathunthu atasiya, poti magaziwo angakapatsidwe mayi woyembekezera.

Kodi amagwira ntchito? Eya, amagwira, ndisawanyoze. Kwa amuna ambiri kuthothoka kumaima, ndipo ena tsitsi limabwerera, makamaka paliwombo. M'makona ndi movuta, ndipo pamene payera kale mpaka kunyezimira musayembekezere chozizwitsa. Kwa ine linaima ndithu zaka zitatu zija, wometa wanga wa ku Luwinga ndi mboni. Koma kuti muone kusintha pamafunika miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo chigamulo chenicheni chimabwera pakatha chaka.

Ndiye werengani nokha. Ukwati watsala miyezi inayi. Mukayamba lero, pa tsikulo mwina tsitsi lidzakhala lisanabwere, pomwe mavuto, ngati angabwere, nthawi yake ndi yomweyi. Mudzakhala mukuthamanga ndi makomiti, ndalama za holo, achibale ochokera ku Rumphi ndi ku Nkhata Bay, tulo tosakwanira, ndiye china chikadzavuta usiku woyamba mudzanamizira piritsi kapena piritsi lidzanamizira inu. Ndikanakhala ine, ndikanapita kwa dokotala mwezi uno kuti aone mutu, ndikanamuuza mkazi wanga wam'tsogolo zonse, ndikanajambula mutu ndi foni kutsogolo ndi pamwamba kuti ndidzakhale ndi poyerekezera, koma kumwa ndikanayamba ukwati utadutsa ndiponso nkhani ya mwana titagwirizana. Miyezi inayi sidzakumalizani tsitsi, dazi siliyenda ngati moto wa m'tchire. Za zithunzi za paukwati musadandaule, wometa wodziwa ntchito akatsitsa m'mbali n'kukonza mzere, makonawo sadzaoneka.

Ine pano ndimameta mpala Loweruka lililonse. Akazi anga amati ndimaoneka ngati bwana wa kubanki, ana amati ndimaoneka ngati dzira. Chimene palibe anandichenjeza ndi kuzizira kwa Mzuzu pa mutu wopanda kanthu, moti kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mukandiona pa depoti ndili ndi chipewa cha ulusi, musandifunse.