Mwaika mababu a LED, koma aliyense akukuthwanimitsirani magetsi: yankho kwa dalaivala wa ku Luchenza

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achimwene ena a ku Luchenza omwe amanyamula anthu pa Sienta pakati pa Luchenza ndi Limbe. Akuti anachotsa mababu akale achikasu aja, a H4, n'kuikamo a LED omwe anagula m'tauni. Pafupi ndi bampala pakuwala ngati masana, koma kutali sakuonako bwino, ndipo galimoto iliyonse yomwe akukumana nayo ikuwathwanimitsira magetsi ngakhale iwo ali pa dimu. Funso lawo ndi lakuti: vuto ndi mababuwo, ndi amene anawaika, kapena anthu akungochita nsanje?

Achimwene, si nsanje ayi. Anthuwo mukuwathobwa m'maso ndithu. Ndipo kuthobwa anzanuko ndi kusaona kutali kwanuko ndi matenda amodzi: kuwala kukutuluka kwambiri, koma kukugwera posayenera.

Kuti timvane bwino, tengani babu lakale lija, ngati simunalitaye, muliyang'anitsitse. M'kati mwa H4 muli timawaya tiwiri topotana, kena ka fulu ka mawati 60, kena ka dimu ka mawati 55. Pansi pa kawaya ka dimu pali kachitsulo kooneka ngati kasupuni. Kasupuni kameneka ndiye mwini nkhani. Kamatchinga kuwala kuti kusapite kumunsi kwa mbale yonyezimira ya m'nyali ija, imene amakaniko amati rifulekita. Kuwala kumangomenya theka lakumwamba la mbaleyo, ndipo theka limeneli limakubwezera pansi, pamsewu. Amene anapanga nyali ya galimoto yanu anapinda mbale yonseyo poyang'anira kawaya kakang'onoko, pamalo pake penipeni. Gwero la kuwala likasuntha ndi mamilimita awiri okha, chithunzi chonse pamsewu chimasokonekera.

Tsono babu la LED lilibe kawaya. Lili ndi timachipi towala tomamatizidwa mbali ziwiri za kachitsulo kathyathyathya. Babu labwino ndi limene timachipi take n'tating'ono, tandandalikana motsanzira kawaya kaja, pa msinkhu womwewo, ndipo kachitsulo kapakati n'kopyapyala. Ikani lakale ndi latsopano pambalipambali, makolala ake atalingana, muone ngati timachipi tikugwera pomwe pali timawaya. Mababu aja okhala ndi machipi mbali zinayi kuzungulira, kapena chipi chimodzi chachikulu chachikasu ngati batani la jekete, ine sindiwafuna m'galimoto ya munthu aliyense. Amamwaza kuwala ngati nyali ya pakhonde. Manambala a pabokosi nawo asakukopeni. H4 wamba amatulutsa malumeni (muyeso wa kuchuluka kwa kuwala) pafupifupi 1,000 pa dimu ndi 1,650 pa fulu, koma anthu akhala akuyenda nawo usiku kwa zaka zambirimbiri, chifukwa kuwala kochepako kumapita komwe kukufunika.

Ine chimene ndikukayikira kwambiri pa galimoto yanu ndi kakhalidwe ka babulo m'nyali. Mababu ambiri a LED ali ndi kolala yochoka, ya mapiko atatu. Mumayamba mwaika kolalayo, phiko lalikulu litaloza kumwamba, n'kuipanikiza ndi kilipi ya waya ija, n'kubwezera labala wotchinga fumbi, kenako n'kulowetsa babu ndi kulipotoza mpaka ligwire. Apa ndi pomwe ambiri amalakwira, makamaka akamagwira ntchito mothamanga, dzanja lili kuseri kwa batire komwe maso safikako. Babu limatha kugwira litapendekeka, mwinanso litazondoka. Chofunika n'chakuti mukayang'ana kutsogolo kudzera pagalasi, timachipi tiziyang'ana kumanzere ndi kumanja, kachitsulo kataima chilili, ndipo kotchinga ka dimu kaja kakhale kumunsi monga zinalili pa babu lakale. Likazondoka, kuwala kumamenya theka lakumunsi la mbale, ndipo theka limenelo limakuponya m'mwamba, m'mitengo ya bulugama ndi m'maso mwa anzanu.

Zimenezi zinandichitikirapo. Chaka china ndinaikitsa mababu otere pa galaja ina, ndili pa changu, sindinayese n'komwe. Pobwerera ku Mulanje usiku, nditangodutsa Bvumbwe, chiperoni chinatsika. Patsogolo panga panangoti mbuu, ngati wina wapachika nsalu yoyera pa boneti. Galimoto ina yochokera kutsogolo inachita kuimiratu m'mbali mwa msewu kudikira kuti ndidutse, ndipo poidutsa ndinaona bambo wa kabaza ali chapafupi ndi khomo lake, mayi ali pa kaliyala. Dalaivala uja akanapanda kuima, sakanawaona anthu amenewo, ndipo wowathobwa anali ine. Kutacha ndinapeza babu lakumanja litazondoka. Chiyambire tsikulo sindilola galimoto kutuluka usiku ndi mababu atsopano isanayang'anizane ndi khoma.

Pali tina ting'onoting'ono ta poika. Labala wakumbuyo uja musamusiye kunja poti kafani koziziritsa babu la LED kakukana kulowa. Nyengo ya mvula ya kuno nyali imachita thukuta m'kati, ndipo mbale ikachita dzimbiri basi yatha. Kafaniko kakhale ndi mpata wopumira, chifukwa LED imafa ndi kutentha. Kabokosi kamene kamabwera pa waya wa babulo kamangidwe bwino kasamalendewere. Pa mababu a miyendo iwiri monga H11 kapena HB3, babu likakana kuyaka, tembenuzani pulagi muyesenso musanalitchule lakufa. Pa magalimoto ena a Toyota ndi Daihatsu, kagetsi kabuluu ka fulu pa dashibodi kamasiya kuyaka mukaika LED, chifukwa babuli limadya moto wochepa. Pali kachipangizo kolumikiza pa waya kothetsera zimenezo. Ndipo kwa ena owerenga omwe galimoto zawo zinabwera ndi mababu a HID, olembedwa D2 kapena D4 kumayambiriro: musapisemo dzanja magetsi ali oyaka, mumadutsa mavoti masauzande ambiri poyatsa.

Tsopano tipite kukhoma, chifukwa ndi lokhalo limene silinama.

Pezani malo athyathyathya otalika mamita opitirira 10 kutsogolo kwa khoma losalala. Ndikudziwa kuti ku Thyolo malo otere ndi osowa, pabwalo paliponse n'potsetsereka, koma ku Luchenza kuli nyumba zosungiramo katundu ndi mabwalo a simenti; pemphani eni ake madzulo kukachita kamdima. Musayesere pamalo opendekeka, mungotaya nthawi. Matayala akhale ndi mpweya wokwanira, buti ikhale yopanda katundu, ndipo pa mpando wa dalaivala pakhale munthu. Ngati pafupi ndi chiwongolero pali kagudumu kolembedwa manambala kuyambira pa 0, kaikeni pa 0.

Sendezani galimoto kufupi ndi khoma. Yezani ndi tepi kuchokera pansi kufika pakati penipeni pa nyali, pomwe pali babu. Magalasi ambiri ali ndi kadontho kapena kamtanda pamenepo. Tiyerekeze kuti mwapeza masentimita 70. Lembani ndi choko pakhoma mtanda wa nyali iliyonse pa msinkhu umenewo, moyang'anizana ndi nyaliyo. Kenako bwererani m'mbuyo mowongoka, osakhotetsa chiwongolero, mpaka magalasi a nyali atalikirane ndi khoma mamita 10. Tsegulani boneti muyang'ane pamwamba pa nyali: nthawi zambiri pamakhala padindidwa nambala monga 1.0% kapena 1.2%. Nambala imeneyi ikunena kutsika kwa kuwala. Ikakhala 1.0%, ndiye kuti pa mamita 10 malire a kuwala akhale masentimita 10 pansi pa mitanda yanu, ikakhala 1.2%, masentimita 12. Jambulani mzere wachiwiri pamenepo. Malo akachepa, imani pa mamita 5 n'kugawa masentimitawo pakati.

Yatsani dimu, phimbani nyali imodzi ndi katoni kapena munthu aime patsogolo pake, muone inayo payokha. Chimene muyenera kuona ndi malire oonekeratu: pansi kuwala, pamwamba mdima. Popeza kuno timayenda kumanzere kwa msewu, malirewo amakhala ogona mbali ya kumanja, komwe kumachokera anzanu, ndipo amakwera chopendekera mbali ya kumanzere, kuti muziona oyenda pansi, njinga ndi zikwangwani. Pomwe mzere wogona ukuyambira kukwerapo, pachigongono pamenepo, pakhale pansi penipeni pa mtanda wa nyaliyo. Kuseri kwa nyali kuli timabawuti tiwiri tosinthira, kena kokweza ndi kutsitsa, kena kopititsa kumanzere ndi kumanja. Timazungulira ndi sikuludalaiva ya sitala kapena sipanala yaing'ono, kawirikawiri ya 8. Potozani pang'onopang'ono maso ali kukhoma. Kakalimba musakakamize, mano ake ndi apulasitiki. Mukatha, chitani chimodzimodzi ndi nyali inayo. Fulu simuyesa padera pa H4, imatsatira dimu.

Masentimita 10 amenewa angaoneke ngati nkhani yachabe, koma taonani. Nyali yomwe ili masentimita 70 kuchokera pansi, ikamatsika sentimita imodzi pa mita iliyonse, kuwala kwake kumakafika pa phula pa mamita 70. Mukaitsitsa kawiri kuposa apo, mwatsala ndi mamita 35 okha, pomwe pa liwiro la makilomita 80 pa ola galimoto imadya mamita 22 pa sekondi imodzi. Mukaikweza kupitirira mitanda ija, kuwalako sikugweranso pansi, kumangolunjika kumaso kwa wina. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amakaniko omwe, dalaivala akadandaula kuti akumuthwanimitsira, amangoweramitsa nyali mpaka ziziwala pa bampala. Odandaula amasiya inde, koma mwiniwake watsala wakhungu. Komanso kuwala kochuluka pafupi ndi galimoto kumanamiza: maso amazolowera poyerapo, ndipo kutali kumaoneka kwakuda kuposa kale. Ndi zimene mwafotokoza mu imelo yanu zija.

Inuyo muli ndi vuto lina lomwe a galimoto zapakhomo alibe. Sienta ikadzaza anthu, kumbuyo mwaikako mikoko ya nthochi ndi matumba a chimanga, imakhala pansi chakumbuyo, mphuno n'kudzuka. Nyali zomwe munaziyeza bwinobwino zilibe katundu zimayamba kuloza m'mwamba. Kagudumu ka manambala kaja ntchito yake ndi imeneyi: mukanyamula, kapititseni pa 2 kapena 3, mukatsitsa anthu kabwezereni pa 0. Madalaivala ambiri omwe ndacheza nawo sanakakhudzepo chigulire galimoto.

Nanga mukakafika kukhoma n'kupeza kuti malire palibe, pangokhala chimtambo choyera chomwazikira mpaka kudenga? Yambani mwaonanso ngati babu lakhala bwino. Mababu ena amalola kupotoza pang'ono pa kolala mpaka chithunzi chiwongoke. Yang'ananinso galasi la nyali. Magalimoto athu ochokera ku Japan ambiri magalasi ake ndi apulasitiki, ndipo dzuwa linawawaula mpaka kuchita chikasu. Galasi lotere limamwaza kuwala kwa babu lililonse. Mankhwala otsukira mano amayeretsa kwa masabata ochepa chabe. Chokhalitsa ndi kulipala ndi sandipepa wa madzi, kuyambira wa 1000 mpaka wa 3000, kulipolisha, n'kulipaka zotchinjiriza dzuwa. Zonsezi zikachitika koma malire osaonekabe, achimwene, mababuwo sakugwirizana ndi nyali yanu, ndipo palibe bawuti imene ingawakonze. Bwezeranimo a mtundu wakale uja, a halojeni, abwino, osawagwira pagalasi ndi zala. Ndalama yapita inde, ndipo ndikumva kuwawa kwake, koma ndikanakhala ine ndikanatero.

Si ife tokha amene tikulimbana nazo. Ku UK, kuyambira 2021, galimoto zambiri zomwe zaikidwa mababu a LED m'nyali zopangidwira halojeni zimalephera mayeso a chaka ndi chaka. Ku Germany analoleza babu la LED la Osram la H7 mu 2020, koma pa mitundu yokhayo ya magalimoto imene linayesedwapo. Izi zikukuuzani kuti babu lomwelo likhoza kukhala bwino m'nyali ina n'kukanika m'nyali ina. Kunonso popita kokatenga COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, magetsi amaonedwa, ndiye ndi bwino kukafika mutayeza kale.

Mawu amodzi pa za mtundu wa kuwala, poti msewu wanu ndi wa m'minda ya tiyi. Halojeni amawala motuwira kuchikasu, pafupifupi 3200K (nambala ya K ikamakwera, kuwala kumapita kubuluu), pomwe ma LED ambiri a m'mashopu ndi a 6000K kapena 6500K, oyera mopita kubuluu. Usiku wopanda mitambo amaoneka okongola. Koma kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chiperoni chikagwira kuchokera ku Thyolo mpaka kutsinde kwa phiri la Mulanje, phula litanyowa ndi mvula yowaza ija, kuwala koyera kwambiri kumatopetsa maso, ndipo kalikonse kothawira pamwamba pa malire kamabwerera kwa inu nomwe. Mukadzagulanso, funani a 4300K kapena 5000K. M'chifunga khalani pa dimu, fulu imangokumangirani khoma loyera, ndipo chepetsani liwiro, makamaka m'bandakucha pomwe anthu othyola tiyi amakhala ali kale m'mbali mwa msewu.

Loweruka likubwerali pitani kukhoma ndi choko, tepi, ndi mababu akale aja m'thumba. Yesani nyali imodzi ndi LED, inayo ndi halojeni, mujambule zonse ziwiri pa foni muli pa mpando wa dalaivala. Munditumizire zithunzizo pa imelo yomweyi, mulembenso nambala yodindidwa pamwamba pa nyali ija, tidzaonere limodzi ngati mababu anuwo angakhale kapena achoke.