Achimwene a ku Luchenza, fyuluta ya diziloyo mutha kusintha nokha

Achimwene, mwafunsa ngati mungathe kusintha nokha fyuluta ya dizilo pa Toyota Hilux yanu ya injini ya D4D, popeza chithirireni mafuta a m'zigubu galimotoyo siikukokanso bwino pokwera ku Thyolo boma, ndipo kanyali ka fyuluta kakuyaka pa dashibodi. Mungathe ndithu, ndipo ola limodzi likukwanirani. Kumasula ndi kumanga si kovuta. Chofunika kusamala nacho ndi fumbi ndi madzi, kuti zisalowe mbali imene mafuta amatulukira atasefedwa kale. Malangizo ena amene anzathu akupatsani poyankha funso lanuli ndi a injini zakale za 2L, 3L ndi 5L, ndipo pa galimoto yanuyo angakuwonongetseni ndalama zambiri.

Yambani mwakayang'anitsitsa kanyaliko. Pa Hilux za mtundu wa Vigo, kakamathwanima ndiye kuti madzi achuluka pansi pa fyuluta, koma kakayaka osathwanima ndiye kuti fyulutayo yatsekeka. Madzi okha amachotsedwa popanda kusintha kanthu. Koma poti inu mwanena kuti mphamvu yachepa pamtunda, sinthani basi. Pamalo osalala injini imamwa mafuta ochepa, ndiye fyuluta yotsekeka imakwanitsabe kudutsitsa. Mukaponda pokwera, pampu imafuna mafuta ambiri kuposa amene akudutsa, ndiye galimoto imatsamwa.

Pogula, tengani nambala ya chasisi kapena fyuluta yakaleyo. Pa injini zakale fyuluta ndi chitini chachitsulo chopotokola, ndipo kunsi kwake kumamangidwa sensa ya madzi imene mumaisamutsira pa chitini chatsopano. Pa Vigo ya injini ya 2KD kapena 1KD, zomwe ndi mitundu ya D4D, mumasintha chapepala cha m'kati chokha, chikopa chake chimatsala. M'mashopu a ku Limbe mupeza za mitengo yosiyanasiyana, zina zili m'bokosi lolembedwa dzina lodziwika koma m'kati muli zina. Itulutseni m'bokosimo muione. Mapindidwe a pepala akhale ambiri, othinana ndi ofanana, guluu wa m'mphepete asakhale ndi mipata, ndipo kalabala katsopano kakhalemo. Apa ndiye musaumire. Fyuluta yotchipa kwambiri imadutsitsa tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo timeneto ndi timene timadya manozo a D4D, aja owazira dizilo m'kati mwa injini. Mtengo wa nozo imodzi mungagulire mafyuluta abwino ambirimbiri.

Amene wakuuzani kuti mungoichapa yakaleyo ndi petulo n'kuibwezera, musamumvere. Pepala lija likatsekeka latsekeka. Mukalichapa kapena kuliuzira ndi mpweya wa kompuresa mumaling'amba timabowo, ndipo litsiro lonse limene linagwidwa limapeza njira yopita ku pampu.

Tsiku logwira ntchitoyi, imikani galimoto pamalo osalala, makamaka pasimenti, injini itazizira. Pasakhale mbaula kapena wosuta pafupi, ndipo ana muwauze akasewerere kutali. Pewani nthawi ya mphepo yafumbi kapena yamvula yowaza ija ya chiperoni, chifukwa fyuluta ikhala yotsegula. Konzani botolo loonekera m'kati lodulidwa pakamwa, pulayazi, masipanala ang'onoang'ono, nsalu yoyera yosathothoka ulusi ndi timapepala tapulasitiki toyera. Musanamasule chilichonse, jambulani ndi foni mmene mapaipi ndi mawaya akhalira, kenako pukutani mutu wa fyuluta ndi mapaipi ake mpaka fumbi lofiira lija la m'misewu ya m'minda ya tiyi lichoke lonse. Ambiri amadumpha zimenezi, n'kumasula pamalo pali dothi, dothilo n'kugwera m'kati.

Kiyi akhale wozimitsa. Ikani botolo kunsi kwa fyuluta, masulani kotsegulira kapulasitiki kali pansipo ndi dzanja, ndipo popani kapampu kali pamwamba kuti zonse zituluke. Botololo musataye, liikeni pambali likhazikike. Zulani mapulagi a magetsi podina kotsekera kake, osakoka mawaya. Vulani mapaipi awiri a mafuta, ndipo iliyonse muiveke kapepala kapulasitiki kukamwa n'kumanga ndi labala. Kenako chotsani fyuluta yonse pa chogwirira chake, mumasule mphete yaikulu yapulasitiki imene imagwira chivindikiro. Ikalimba, igwiritseni ndi lamba womasulira fyuluta, musaimenye ndi nyundo ndi sikuludiraiva, imasweka ndipo siipezeka wamba. Solani chapepala chakale, tsukani m'kati mwa chikopa ndi dizilo woyera, muone ngati koyandama ka sensa ya madzi kakukwera ndi kutsika momasuka. Ikani chapepala chatsopano ndi manja oyera, kalabala katsopano mukapake dizilo pang'ono kuti kakhale bwino m'malo mwake, ndipo mangani mphete mpaka zizindikiro zake zikumane. Kalabala kakale musakabwezere ngakhale kakuoneka kabwino, chifukwa pamenepo ndi pamene mpweya umalowera, galimoto n'kumavuta kulira m'mawa.

Ena akuti mudzaze dizilo m'fyuluta musanaimange kuti galimoto ilire msanga. Pa D4D ine sindilola. Dizilo wothira kuchokera m'chigubu amalowa mbali zonse ziwiri za pepala, ndiye wina amapita ku pampu osasefedwa. Kapampu kapamwamba kaja anakaikira ntchito imeneyi. Mukabwezera mapaipi ndi mapulagi, onetsetsani kuti kotsegulira ka pansi mwakatseka, ndiye popani. Poyamba kamakhala kofewa, ndipo mutha kupopa nthawi yaitali mpaka chala kutopa. Pitirizani mpaka kalimbe. Kakakana kulimba, pali pamene mpweya ukulowera: paipi yosamangika bwino, kalabala kopindika kapena kapampuko katha.

Kakalimba, lizani injini. Sitata musaigwire kupitirira masekondi 10 mpaka 15. Ikakana, pumirani, popaninso, yesaninso. Kuumirira kumangotentha sitata ndi kumaliza batire, komanso pampu imazungulira youma, pamene dizilo yemweyo ndi amene amaifewetsa m'kati.

Tsono apa mundimvetsetse bwino, achimwene. Pali amene walemba kuti ikakana kulira mumasule mapaipi achitsulo a pa manozo kuti mpweya utuluke. Pa 3L kapena 5L amakaniko amachitadi zimenezo. Pa D4D musayerekeze. Mafuta a m'mapaipi amenewo amatha kuthamanga ndi mphamvu yoposa mabar 1,000, pamene tayala la galimoto yanu limapopedwa mabar 2 kapena 3 okha. Dizilo wotuluka pa kampata ndi mphamvu imeneyo amaboola khungu n'kulowa m'thupi, ndipo bala lake limaoneka laling'ono koma munthu atha kuduka nalo chala. Pa chifukwa chomwecho musafufuze podontha ndi dzanja injini ikulira. Injini imeneyi imachotsa yokha mpweya wotsala kudzera pa paipi yobwezera mafuta ku thanki, bola fyuluta ikhale yodzaza.

Ikalira, isiyeni ilire mphindi zingapo osaponda, mukuyang'ana ngati pena pakunyowa. Kanyali ka fyuluta yotsekeka sikazima kokha pa Vigo. Kiyi ali wozimitsa, zulani pulagi ya sensa ya pamwamba pa fyuluta, tembenuzani kiyi nyali za dashibodi ziyake osaliza injini, dikirani masekondi ochepa, bwezerani pulagiyo mphindi isanathe, ndipo kanyaliko kazima.

Kenako tengani botolo lija, chifukwa ndi limene likuuzeni ngati ntchito yatha kapena yangoyamba. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, ndiye mukawaona atakhala pansi, dizilo ali pamwamba. Akakhala pang'ono, si zodabwitsa kwathu kuno. Thyolo ndi Mulanje ndi kwachinyezi, ndipo thanki yokhala theka nthawi yozizira ya June ndi July imachita thukuta m'kati usiku, madontho n'kumatsikira m'mafuta. N'chifukwa chake mafuta akapezeka ndi bwino kudzaza thanki kusiyana ndi kumangoyendera a pansi. Koma mukapeza madzi ambiri, dzimbiri, matope akuda oterera kapena dizilo wotuwa, dziwani kuti zotsala zili m'thanki, ndipo fyuluta yatsopanoyo itsekekanso pasanapite nthawi. Pamenepo thanki iyenera kukhuthulidwa ndi kutsukidwa, ndipo poti imafunika kutsitsidwa, pezani makaniko akuthandizeni.

Nunkhizaninso mafutawo. Fyuluta imagwira litsiro ndi madzi, koma palafini kapena petulo wosakanizidwa ndi dizilo amadutsa bwinobwino. Palafini ndi wouma, safewetsa pampu ndi manozo mmene amachitira dizilo, ndipo kuwononga kwake sikuoneka tsiku lomwelo. Mukamva fungo lachilendo, musayendere mafuta amenewo n'cholinga choti athe. Kuwataya n'kopweteka, koma n'kotchipa kuposa pampu.

Sindikukudzudzulani pogula a m'zigubu. Mafuta akasowa pa mafilingi siteshoni, nanazi za ku Mulanje ndi nthochi za ku Thekerani sizidikira, ndipo amene amadalira galimoto kuti adye amagula kumene awapeza, kaya ku Limbuli kaya ku Muloza. Koma mukagula, chigubucho chisiyeni chikhazikike usiku wonse, thirani pang'onopang'ono kudzera pa nsalu yoyera yothinana, ndipo lita yotsiriza ya pansi musathire m'galimoto. Zigubu zambiri za malita 20 zinali za mafuta ophikira kapena zotungira madzi, ndipo si onse amaziumitsa asanathiremo dizilo. Patapita masiku ochepa, tsegulani kotsegulira ka pansi kaja muone ngati madzi abweranso. Kwa munthu woyenda m'misewu yathu ino, ine ndimalangiza kusintha fyuluta pa makilomita 20,000 aliwonse, ndipo mukathira mafuta okayikitsa musadikire kuti akwane. Ina yapadera izikhala m'galimoto, yokulungidwa m'pepala lake.

Mukasintha, kayeseni pa mtunda womwe uja wopita ku boma. Ikakoka ngati kale, vuto linali lomwelo. Ikapitiriza kufooka, onani fyuluta ya mpweya, chifukwa fumbi limaitseka msanga. Ikakhala yabwino, ndiye pitani nayo kwa amene ali ndi makina oyezera ku Limbe kapena ku Blantyre, chifukwa pa injini za 2KD ndi 1KD kavalavu ka pa pampu kotchedwa SCV kamakonda kuvuta kakakumana ndi mafuta akuda, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za fyuluta yotsekeka. Musalole munthu kumasula manozo asanayeze.

Dizilo wa m'botolo uja ndi fyuluta yakaleyo musatayire m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, chifukwa mvula ikagwa zonse zimatsikira ku Thuchila kumene anthu amachapa ndi kutunga. Zitsekereni m'chigubu mukazisiye ku galaja. Ndipo musanatero, jambulani botololo mutumize pano, tikuuzeni ngati thanki ikufunika kutsitsa.